Tepi Yakuda pa Galimoto ya NyaMhango

Abale anga, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye amene anandidzutsa m'chigoba cha galimoto momwe ndinkagona. Mundilole ndiyankhule Chichewa. Ndakhalitsa kuno ku Rumphi, ndinakwatira konkuno, koma Chitumbuka changa chikadali chotsimphina, ndipo nkhani iyi sindikufuna kuti itsimphine.

Ambiri mukundidziwa. Ndine Chisale, makaniko uja anali ndi galaja kuseri kwa msika. Ndikuona madalaivala muno, ndikuona amakaniko anzanga, ndikuonanso ena amene tinkakhala benchi imodzi kumowa. Musaweramitse mitu, sinditchula munthu aliyense amene ali muno. Koma sindinabwere kudzakusangalatsani. Ndikakumbukira zimene ndinachita, ndi zimene ena mwa inu mukuchitabe, mtima wanga umatentha.

Musaganize kuti ndinagwa chifukwa cha umbuli. Galimoto za kompyuta zitayamba kuchuluka, ine sindinatsalire. Ndinapita ku Mzuzu kukaphunzira, ndinagula sikana, kamashini kaja timalumikiza pansi pa chiwongolero kuti galimoto itiuze pamene ikumva kupweteka. Ntchito ndinkaidziwa. Kumpingo ndinali mkulu, manja awa ankanyamula mbale ya mgonero.

Pafupi ndi galaja yanga panali munthu wogulitsa masipeya. Ndimutcha Zgambo, ngakhale si dzina lake. Dzuwa likatentha ankanditumizira botolo lozizira. "AChisale, tsukani kukhosi, mwameza fumbi lambiri." Botolo limodzi linabala anzake. Posakhalitsa tinali ndi kachitidwe kathu. Sikana ikatchula dzina la chipangizo, ine osayezanso kanthu, ndinkangouza mwini galimoto kuti chafa, akagule china kwa Zgambo. Chakale chija chinkatulukira khomo lakumbuyo n'kubwerera kwa Zgambo yemweyo, ine n'kulandira changa cha pakhosi. Galimoto ndinasiya kuziyendetsa poziyesa. Eni ake ndinasiya kuwamvetsera. Mkazi wanga NyaKaira akandiuza kuti ndikununkha mowa m'mawa, ndinkamukalipira mpaka ana kuthawira panja. Akulu ampingo atabwera kudzandicheza, ndinawauza kuti akundichitira nsanje.

Ndiye kunabwera mayi wina wamasiye, NyaMhango, wa kunyanja, kumunsi kwa mtunda wa Chiweta. Mwamuna wake anamusiyira ana ndi galimoto imodzi ya petulo yokhala ndi malo a katundu kumbuyo. Anaphunzira kuiyendetsa yekha. Ankagula usipa ndi batala kwa asodzi n'kukwera nazo mtunda kudzagulitsa kuno ku boma. Kunyanja kuja analibe dimba, analibe bwato. Galimoto ija ndiyo inali munda wake.

"Adada," anatero, "galimoto yanga ikutsokomola. Pamalo athyathyathya imayenda bwino chomene, koma ikatentha, pakati pa mtunda..."

Sindinamulole amalize. Ndinalumikiza sikana, inatchula sensa ya okosijeni, ine n'kuzula chingwe. "Sensa yafa, amama. Pitani kwa Zgambo."

Kwa inu amene si amakaniko, sensa ya okosijeni ndi kachitsulo konga pulagi kamene kamakhala pa paipi ya ekizozi. Ntchito yake n'kununkhiza utsi wochokera mu injini ndi kuuza kompyuta ya galimoto ngati mpweya wachuluka kapena petulo wachuluka. Basi. Sensa siyatsa moto mu injini, imangonena zimene yapeza mu utsi. Sikana ikatchula sensa, ikukuuzani kumene kwachokera dandaulo. Sikukuuzani wolakwa. Izi ndinkazidziwa monga ndimadziwira dzina langa.

Mayi uja anagula sensa, ndinaika. Anabweranso. "AChisale, palibe chasintha. Petulo ikumwa kuposa mmene inu mumamwera mowa." Anyamata a pamsika anaseka, ine ndinapsa mtima, n'kumuuza kuti sensa imene anagula inali yachinyengo, agule ina. Anagula. Atabwera ulendo wina galimoto inali itatheratu mphamvu, ekizozi itatsekeka. Ndinapeza makala atasungunuka. Makala ndi chisa chija cha mu ekizozi chimene chimayeretsa utsi, ndipo sasungunuka okha. Amasungunuka petulo wosapsa akamakayakira mmenemo. Galimoto inali kundiuza poyera kuti pali silinda, chipinda chowotchera petulo mu injini, imene sikuyaka. Ine ndinadula paipi, ndinachotsa makala aja, ndinawagulitsa kwa anthu aja amayendayenda kuwagula, ndipo ndinawamwa onse.

Panatsala nyali yachikasu ija ya pa dashibodi, yochenjeza kuti mu injini muli vuto. Mayi uja anati ikumuopsa. Ndinamutuma kukagula nthochi kumsika, ndinatsegula galasi la dashibodi, n'kumata kachidutswa ka tepi yakuda pamwamba pa nyaliyo. Atabwera ndinati, "Mwaona, amama? Yazima."

Anati, "Yewo chomene, adada. Mulungu akudalitseni."

Anandidalitsa, abale. Mayi wamasiye anandidalitsa m'dzina la Mulungu amene amaimira amasiye pamlandu, Mulungu yemweyo ataona chala changa chikukanikiza tepi ija. Ndipo musandiyang'ane ngati ndanena chachilendo. Ndi galimoto zingati pa siteji ya ku Bolero zili ndi tepi yomweyo lero? Ena mumachita kuzula babu. Mumatcha zimenezo luso.

Tsiku lina masana, galimoto itadzaza nsomba, injini inazima pakhota lina pakati pa mtunda wa Chiweta. Inayamba kubwerera m'mbuyo. Mukudziwa mmene msewu uja ulili, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Mayi uja anapotoza chiwongolero n'kukaiwombetsa kukhoma la phiri. Anatuluka wamoyo. Nsomba zinakhala padzuwa la kumeneko mpaka zinawola.

M'mawa mwake anakwera minibasi ndi dengu limodzi la nsomba zowolazo, anafika pagalaja yanga anthu akuona, n'kulikhuthula pakhomo. Sanatukwane. Anangoti, "Malipiro anu otsala ndi awa," n'kumapita.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Makasitomala anatha. Mpingo unandiimitsa. NyaKaira anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Nkhamanga. Mwini malo anatseka galaja. Sikana ndinaigulitsa kwa Zgambo, masipanala ndinagulitsa imodziimodzi. Mowa wa m'mabotolo unandikanika, ndinatsikira ku kachasu. Ndinkagona m'chigoba cha minibasi yakufa kuseri kwa msika, agalu pansi, ine pamwamba. Anzanga a pabenchi aja, amene ankandiyitana kuti injiniya, akandiona ankawoloka msewu. Ndipo ngakhale pamenepo sindinalape. Ndinkati mayi uja ndiye wandiwonongera mbiri.

Tsiku lina m'mawa Zgambo anagogoda pachigoba changa. "Dzukani, aChisale, ndakupezerani ganyu. Mayi wa nsomba uja watopa, akugulitsa galimoto. Ndikuigula kuti ndiiphwasule. Tiyeni mukandiyezere kuti ndi ziti zabwino, kenako mumasule." Anandipatsa sikana yanga yomwe ija kuti ndinyamule. Ndinapempha kadontho koyambira tsiku. Anakana. "Mukamaliza ntchito. Sindikufuna mundithyolere mawaya."

Choncho ndinatsika mtunda wa Chiweta ndili wosaledzera, koyamba patapita nthawi yaitali, mutu ukung'amba. Zgambo ankaganiza kuti akuteteza mawaya ake. Sankadziwa amene akumutuma.

Galimoto ija inali pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwa NyaMhango, yophwanyika kumbuyo kokha, nkhuku zitaisandutsa pogona. Mayi uja anatuluka, ataonda, anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndiye atenga inu kuti mudzaimalize? Chabwino. Munayamba ndinu."

Zgambo anaika batire ya galimoto yake. Injini inalira ulendo woyamba womwewo, bwinobwino, osanjenjemera. Zgambo anatikita manja. "Injini iyi ndi ndalama, aChisale. Tiigulitsa payokha."

Ine ndinakhala pampando wa dalaivala kuti ndilumikize sikana. Nditakweza maso ndinaona dashibodi. Kutentha kwa kunyanja kunali kutamatula ngodya imodzi ya tepi yanga, ndipo pakona pamenepo pankatuluka kakuwala kachikasu. Nyali ija sinazimepo. Nthawi yonse ija, ine ndikumwa, mayi uja akubwerera m'mbuyo kulunjika kuphompho, nyali inali kuyaka kuseri kwa tepi, kunena zomwezo. Ndinakhala ndikuiyang'ana. M'galimoto munkamvekabe fungo la nsomba zowola. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, abale, sindikunamizani. Ndinangomva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo pambuyo pa manyaziwo panabwera mantha, kuti palibe chimene ndinaphimba chimene chinaphimbikadi.

Ndinatsegula galasi, ndinamatula tepi ija, ndinaisonyeza kwa mwini wake. "Amama, nyali yanu sinazime. Ndinaimata ndine."

Anaiyang'ana tepi ija, osailandira.

Ndinati, "Ndiuzeninso mmene galimotoyi inkachitira."

"Lero ndiye mwamera makutu?" Kenako anayankhula ngati akuuza mwana. "Ikazizira ilibe vuto. Pamalo athyathyathya ilibe vuto. Ikatentha, ili ndi katundu, pamtunda, imanjenjemera ngati munthu wa malungo. Ndinakuuzani tsiku loyamba. Simunakwerepo m'galimoto muno ngakhale kufika pachipatala pokha."

Zinali zoona. Ndinadikira injini itenthe, ndinatsegula tsamba la sikana limene limaonetsa zimene sensa ikunena nthawi yomweyo. Sensa yamoyo sikhala malo amodzi. Nambala yake imadumphadumpha, kutsika kufupi ndi ziro, kukwera kufupi ndi volti imodzi, osapuma. Iyi inkadumpha bwino. Ndinaponda moto mwadzidzidzi kuti petulo achuluke, nambala inakwera. Ndinazula kapaipi ka mpweya kuti mpweya uchuluke, nambala inatsika. Sensa inalibe mlandu. Ndinayankhula ndekha mokweza kuti, "Ndiye kuti sensa zoyamba zija zinalinso zabwino."

Zgambo anaseka, anandiweramira pazenera. "Mukudabwa chiyani? Zonse ndinagulitsa kale. Ina ili mu takisi ya ku Bolero, ikugwira ntchito ngati yatsopano."

Ankaganiza kuti wanong'ona. NyaMhango anamva.

Abale, mkwiyo umene unandigwira pamenepo ukadali mwa ine. Munthu uyu anamugulitsa mayi wamasiye zinthu zimene sankazifuna, anatenga zake zabwino n'kugulitsanso, ndipo tsopano anabwera kudzagula mtembo wa galimoto imene tinaipha tonse awiri. Koma ndikanamuloza bwanji chala? Iye ankangotsegula thumba. Wonamiza ndinali ine, amene ndinkadziwa ntchito, amene ndinkanyamula mbale ya mgonero.

Ndinati, "Amama, musagulitse lero. Tiikemo matumba a mchenga, tikwere mtunda, ine ndili ndi sikana m'manja."

Zgambo anati, "Tinagwirizana kale, mayi. Mukumvera chidakwa ichi?"

"Makiyi ndakupatsani?" anamufunsa NyaMhango. Kenako anatembenukira kwa ine. "Tsikani pampando wanga. Chiwongolero simuchigwira."

Mayi uja anali asanayendetsenso galimoto chichitikire ngozi. Ndinaona manja ake akugwira chiwongolero mpaka mitsempha kutuluka. Koma anayendetsa. Tinayamba kukwera, injini ikulira bwino, nambala ikudumpha. Tinapota khota, tinapota lina. Singano ya kutentha inakhazikika pamalo pake, mtunda unakula, ndipo galimoto inayamba kunjenjemera. Ndinayang'ana sikana. Nambala ya sensa inagwa pansi n'kukakamira komweko, kusonyeza kuti mu utsi mwadzaza mpweya, ndipo kompyuta inayamba kuthira petulo wowonjezera.

"Ndi zimenezi," anatero mayi uja. "Zinayamba chonchi."

Tinaima pamalo otambalala, ndinaika miyala kumatayala, injini ndinaisiya ikulira. Galimoto ija silinda iliyonse ili ndi koilo yake, ndipo koilo ndi imene imapereka moto ku pulagi. Ndinazula waya wa koilo yoyamba, injini inafooka, kusonyeza kuti silinda imeneyo inali kugwira ntchito. Ndinabwezera. Yachiwiri chimodzimodzi. Nditazula yachitatu, palibe chinasintha. Silinda imeneyo inali itagona kale. Kuti ndisanamizirenso chosalakwa, ndinasinthanitsa koilo imeneyo ndi yoyamba ija. Kugona kunasamuka, kunatsatira koilo. Ndinaizula, yotentha yosagwirika, ndinaipukuta ndi malaya. Inali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, ndi kamzere kakuda pamene moto unkathawira. Ikazizira mng'alu unkatsekeka, koilo n'kumaoneka yangwiro. Ikatentha unkatseguka.

Nkhani yonse inali imeneyo. Silinda ikapanda kuyaka, mpweya ndi petulo zimatuluka zosapsa. Sensa inkanunkhiza mpweyawo n'kunena zoona. Kompyuta inkawonjezera petulo, petulo n'kukawotcha makala. Kupeza zonsezi inali ntchito ya ulendo umodzi wokha wa pamtunda.

Ndinakhala pansi pafupi ndi tayala, koilo ili m'manja. Malemba amatiuza za anthu amene ankati akatumiziridwa wowachenjeza, m'malo mokonza njira zawo ankathamangitsa wowachenjezayo. Ndinawerengapo za anthu amenewo kangapo patsogolo pa mpingo, ndikupukusa mutu. Sindinkadziwa kuti ndikuwerenga za ine. Sensa inanena zoona, ndinaizula. Nyali inanena zoona, ndinaimata. NyaKaira ananena zoona, ndinamuthamangitsa. Ndinapemphera pamenepo, pamiyala yotentha ija, malole akudutsa. Pemphero lake linali lalifupi, loti Ambuye asandiphimbenso maso ngakhale kuona kundipweteke.

NyaMhango sanandisisite pamsana. Anati, "Mukamaliza, chotsani miyala, tibwerere."

Galimoto sanagulitse. Zgambo anatenga batire yake ndi sikana, anandisiya kunyanja komweko kuti ndidzionere ndekha njira, ndipo m'mene anandisiyira ndi m'mene tinasiyanirana mpaka lero.

Tsopano mverani mmene ndinabwerera, inu amene muli kumene ndinali. Sizinachitike ngati kuzimitsa nyali. Mowa sunandisiye mwaulemu. Ndinasanza, ndinanjenjemera, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma, mpaka ndinapita kuchipatala n'kuwauza adokotala zoona zake. Musachite manyazi kupita, thupi lozolowera kachasu likhoza kukuphani mukalimbana nalo nokha. Nditatuluka ndinapita kwa akulu ampingo omwe aja ndinawanena za nsanje. Anandikhazika benchi yakumbuyo, ndipo ndikadali komweko, sindikudandaula. Njira yodutsa pabenchi ya mowa ndinaisiya, ndimazungulira kutali ngakhale mvula ikugwa. Mnzanga wina wa ku Mzuzu amene tinaphunzira limodzi anandilola kugwira ntchito pagalaja yake, malipiro anga oyamba ndinapempha kuti akhale koilo yatsopano ndi mapulagi. Ku Nkhamanga ndinapitako. NyaKaira anandimvetsera mpaka kumapeto, anati, "Ndamva. Ndiona kaye." Akuonabe, ndipo ali ndi ufulu wotero.

Pantchito ndili ndi malamulo anga tsopano. Mwini galimoto amayankhula mpaka atamaliza yekha. Vuto lobwera injini ikatentha ndimaliyeza injini ili yotentha, pamsewu womwewo umene limachitikira. Chipangizo sindichotsa ndisanachiyeze, ndipo chimene ndachotsa chimapita m'manja mwa mwini wake. Inu amakaniko anzanga amene mukumwetulira kumbuyoko, mukudziwa kuti si zovuta. Ulesi ndi mowa ndi zimene zimatichititsa kuti tizione zovuta. Munthu amene akukupatsani makiyi akukupatsani moyo wake ndi wa ana ake, ndipo mudzayankha.

Koilo yatsopano ija ndinakaika ndekha kunyanja, batire ya mayi uja titaitchajitsa. M'mawa mwake tinakwera mtunda wa Chiweta ndi nsomba zenizeni, mayi uja pachiwongolero, ine pambali ndi sikana yobwereka. Tinadutsa pakhota pamene anaombera khoma, penti ya galimoto yake ikuonekabe pamwala. Sanayang'aneko. Injini sinatsokomole mpaka pamwamba.

Atafika pamwamba anaima, anapuma, kenako analoza dashibodi. "Nanga iyi ikuyakiranji?"

Nyali yachikasu inali chiyakire. Ndinamufotokozera kuti kumbuyo kwa makala kuli sensa ina, ndipo imeneyo ikudandaula kuti makala palibe. Ndinati injini ili bwino, koma nyaliyo sizima mpaka makala atabwerera, ndipo makala ndi odula, zinditengera nthawi. Ndinawonjeza kuti alipo ena amene amadziwa kunamiza kompyuta kuti nyali izime.

Anandiyang'ana. "Yayi, adada. Isiyeni iyake. Makala anga munamwa ndinu. Tsiku limene mudzawabweze, idzazima yokha."

Makala aja sindinabwezebe, abale, ndikusonkhanitsa pang'onopang'ono. Tsopano ndimagwira ntchito pansi pa kashedi ka malata m'mbali mwa msewu wolowera kuno ku boma. NyaMhango amadutsa pamenepo m'mawa ndi nsomba zake. Saima. Amangoliza hutala, n'kuloza chala pa dashibodi, ine n'kukweza dzanja kuti ndaona. Anthu amaganiza kuti tikupatsana moni. Ambuye alemekezeke chifukwa cha nyali imeneyo, ndipo asandilole kupuma mpaka itazima mwachilungamo. Ameni.